NYIMBO SIFUNSA KHADI LA CHIPANI

 Uthengawu ndi wautali, ndaneneratu. Amene muli pa ntchito usungeni muwerenge madzulo mutadya, koma chonde musawerenge mizere iwiri yokha nkuyamba kunditukwana, chifukwa mnofu wake uli mkatimu.

Pali matenda amene alowa pakati pathu ndipo tikuchita ngati sitikuwaona. Masiku ano munthu akamva nyimbo, asanagwedeze ndi phazi lomwe, amayamba wafunsa kuti woyimbayo ndi wa chipani chanji, kwawo nkuti, amapemphera kuti. Akamva yankho mpamene amauza khutu lake kuti nyimboyi ikukoma kapena ayi. Munthu wamkulu wa ndevu zake, khutu lake kusanduka monitala wa chipani! Ine ndikuti chimenechi ndi chibwana. Ndipo amene tikuyenera kuchita nacho manyazi kwambiri ndi ife a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi kuno, chifukwa dera la kwa Nsamala ndi limene linavinitsa Malawi yense nyimbo imodzi pa nthawi imene ndale zinali zitalidula dzikoli patatu.

Chandiyankhulitsa ndi mkangano umene sukutha chimwalirireni a Lucius Banda pa 30 June 2024. Maliro aja tinalira tonse, panalibe wotsala. Koma dothi la ku Sosola lisanaume nkomwe tinayamba kulimbirana malemuwo ngati katundu wamasiye. Awa akuti Soja anali wathu. Awo akuti ayi, anatithawa, anali wadyera, nyimbo zake kwathu kuno zisalire. Ena akuti nyimbo za ku Balaka nza Akatolika, ife sizitikhudza. Eeh, koma abale. Ndiye tibwerere m'mbuyo pang'ono, poti ambiri amene mukukangana kwambirinu munabadwa kaseti itatha kale.

Balaka sanali boma paokha mpaka 1998. Anali mbali ya Machinga, tauni ya pa njanji, yotentha, ya fumbi, ya thonje, yosowa madzi. Kulibe nyanja, kulibe phiri lokopa alendo. Chuma chake chenicheni chinali kusakanikirana kwa anthu basi. Mfumu yaikulu ndi ya Chiyawo, koma m'midzi yake muli Angoni otsika kuchokera ku Ntcheu, Alomwe, Amang'anja, ndi ena amene anabwera ndi sitima kudzagwira ntchito nkukhazikika. M'mamawa ukumva kuitana kwa ku mzikiti, pakapita kanthawi belu la ku parishi. Malo ngati amenewa amatha kupsa ndi kamoto kakang'ono, komanso amatha kuphika chinthu chimene malo a mtundu umodzi sangaphike.

Mu 1978 wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, pamodzi ndi mnyamata wa m'mudzi, a Paul Banda, ndi anzawo anayambitsa Alleluya Band. Akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona. Koma kalumo popanda mutu woti kamete nkachitsulo chabe. Mzungu anabweretsa zida ndi malo ophunzirira, luso linali la ana a kwa Nsamala. Ngakhale dzina la malo aja, Andiamo, m'chiyankhulo cha ku Italy limangotanthauza kuti tiyeni. M'bandi imeneyi munadutsa a Lucius, a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo ndi ena ambirimbiri.

Tsono mvetserani bwino chimene timati kayimbidwe ka ku Balaka. Mafupa ake ndi reggae ya ku Jamaica. Mawu oyimbira pamodzi aja, wina pamwamba wina pansi, ndi a kwaya ya mu tchalitchi. Kiyibodi inachoka kunja. Madandaulo ake ndi a mayi wa pa mtondo ndi mlimi wa thonje amene wabedwa pa sikelo. Nyimboyo payokha ndi mwana wobadwa m'banja losakanikirana, nde wina adzatiuze lero kuti ndi ya mpingo umodzi kapena mtundu umodzi? Anzathu ena ophunzira amanyoza, amvekere nyimbo za ku Balaka nzofanana zonse, ng'oma yomweyo, kiyibodi yomweyo. Nsima nayonso imafanana tsiku ndi tsiku achimwene, koma sindinakuoneni mutaisiya. Kuphweka kwake nkumene kunachititsa kuti gogo wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje onse apeze poponda.

Tsopano zaka zimene ndikufuna muzisunge. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi ija imene inagwedeza boma la chipani chimodzi. Kalatayo anaisindikiza ku Balaka komweko, ku makina a Montfort, ndipo pasanapite nthawi anthu olusa anakayatsa moto malo osindikizirawo. Pa 14 June 1993 tinavota riferendamu. Pa 17 May 1994 tinavota chisankho, ndipo aliyense amene anaona zotsatira zake anaona dziko lang'ambika ngati chitenje chakale: kumpoto a Chihana ndi AFORD, pakati a Kamuzu ndi MCP, kummwera a Muluzi ndi UDF. Munthu ukangotchula boma la kwanu, anzako amadziwiratu pamene wadinda chala.

M'nyengo yomweyo mpamene chimbale choyamba cha a Lucius, Son of a Poor Man, chinatuluka. Kenaka Down Babylon, kenaka Cease Fire. Funsani aliyense amene anali wamkulu nthawi imeneyo, kaya ku Mzuzu, kaya ku Kasungu, kaya ku Bangula, akuuzeni chimene chimalira m'mabasi, m'magolosale ndi m'malo omwera. Mavoti anali patatu, kaseti inali imodzi. Palibe nduna imene inalamula. Palibe wa Youth amene anaima pa chipata cha msika kuti ugule kaye kaseti ndiye ulowe. Anthu anatulutsa okha ndalama zawo.

Ndipo Balaka sanatseke chitseko. Situdiyo ya IY ya a Paul Banda inajambula anthu ochokera uku ndi uku. A Billy Kaunda kwawo ndi ku Mzimba, koma anadutsa m'manja mwa a Banda, ndipo Mwapindulanji tinavina tonse osafunsa kuti mwana wa kumpoto akufunanji kuno. A Mlaka Maliro chimodzimodzi, anadutsa momwemo. Pamene andale amawerenga anthu ndi zigawo, ku Balaka amangofunsa kuti mawu uli nawo? Ima apa, yimba timve.

Ine ndine mwana wa msodzi, ndiye ndikamati nyimbo imalumikiza anthu sindikunena ndakatulo ayi. Ndikunena ntchito. Amene munakokapo khoka mukudziwa. Zingwe ziwiri, gulu uku gulu uko, khoka lili kutali m'madzi ndipo likulemera. Aliyense akamakoka nthawi yake, mbali imodzi imatsogola, khoka limapendama, nsomba zimapeza potulukira, usiku wonse mwagwira ulele. Ndiye pamakhala mmodzi wotsogolera nyimbo, enanu mumavomera, ndipo pa kuvomera pamenepo mpamene misana yonse imagwera m'mbuyo limodzi. Nyimbo ija si yokometsera. Ndi imene ikukuuzani nthawi yokoka. Ichotseni muone ngati mudye.

Nanga pa chingwe paja pamakhala ndani? Dooko lililonse la kuno kwathu ndi Malawi yense waung'ono. Atonga a ku Nkhata Bay amene anabwera ndi chilimira, Atumbuka, Ayawo, Anyanja eni gombe, Alomwe ndi Asena obwera kudzafuna ganyu ya ulovi. Wina wasala Ramadan, wina Loweruka sagwira nkhafi, wina sanaonepo khomo la tchalitchi chibadwire. Pamtunda amanyozana ndithu, sindikubisa. Koma mwera ukakupezani pakati pa nyanja, sufunsa amene akukapa madzi m'boti kuti amavotera ndani. Bambo anga anali ndi wailesi ya kaseti ya mabatire sikisi, ndipo masana alovi akamasoka maukonde pa mthunzi, imalira ndi Alleluya, anyamata ovala zikofia nkumavomera nawo mawu onse osaphonya. Panalibe amene analowa Chikatolika chifukwa cha zimenezo. Anangopeza kuti chimene chikudandaulidwa mu nyimbomo, umphawi, imfa, kuponderezedwa, ndi chawonso.

Yerekezani ndi zimene ndinaona miyezi yapitayi. Ndinakwera minibasi pa Mangochi Turn-off kulowera ku Balaka ndi katundu wanga wa usipa. Dalaivala anaika nyimbo za Soja, zakale zija. Tisanapite patali bambo wina wovala bwino, wa foni ziwiri, anakuwa kuchokera kumbuyo: "Adalaivala, tazimitsani zimenezo. Munthu ameneyu anatigulitsa." Mnyamata wina kutsogolo anatembenuka nkuyankha kuti amene anagulitsa dziko ndi a chipani chanucho. Basi moto buu. Anthu amene mphindi zisanu zapitazo amathithikana mwamtendere, wina atanyamula mwana wa mnzake pa miyendo, anayamba kutchulana mitundu. Dalaivala pofuna mtendere anazimitsa.

Munali zii. Kenaka mayi wina wachikulire, atafunda mpango wake bwinobwino, anati: "Bambo, nyimbo imeneyo inalira pa ukwati wa mwana wanga. Inu munali kuti? Mwana wanga dalaivala, tayatsa." Anayatsa. Bambo uja anangoti khuma, kuyang'ana pa windo. Pofika pa Balaka ndinaona chala chake chikugunda pa bondo motsatira ng'oma. Chala chinakana kumvera chipani.

Tsono inu ozimitsa mawailesi, tiyeni tiwerengere limodzi, muone pamene nzeru zanuzo zikutifikitsa. A Lucius anayimba Mabala, kukumbutsa zilonda za ulamuliro wa MCP. Ndiye a MCP zimitsani. Anayimbira UDF nyimbo ya Yellow, nakhala phungu wa Balaka North mu 2004. Ndiye amene simuli a UDF zimitsani. Mu 2006, nthawi ya a Bingu, anamangidwa pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, nakhala ku ndende ya Zomba mpaka khoti lalikulu linawamasula, ndipo atatuluka anatulutsa Cell 51 Maximum. Mu 2010 MBC inaleka kuwulutsa nyimbo zawo. Ndiye a DPP zimitsani. Mu 2018 anachoka ku UDF kupita ku UTM ya a Chilima. Ndiye a UDF, amene munayatsa poyamba paja, zimitsani. Pomaliza anakhala mlangizi wa a Chakwera, mtsogoleri wa MCP yomwe ija ya Mabala. Ndiye amene mwatsala nonse zimitsani.

Watsala ndani woti amvere? Palibe. Chipani chilichonse chili ndi chifukwa chowakwiyira, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chonenera kuti anali wawo. Komatu pa maliro paja pa Balaka panadzaza anthu a zipani zonsezo, mashehe ndi ansembe, marasta ndi amayi a kwaya. Sanabwere chifukwa cha phungu wa Balaka North. Aphungu angati amwalira dziko osatekeseka? Anabwera chifukwa aliyense anali ndi nyimbo yake imene inamuperekeza pena pake, ku ukwati, ku manda, ku Joni pa basi, ku ndende. Ndale za munthuyo mutha kuzitsutsa, ndi ufulu wanu, ndipo ine ndemwe sindinagwirizane ndi njira zonse zimene anayenda. Koma nyimbo ikatuluka pakamwa pa woyimba nkulowa m'nyumba mwako zaka makumi atatu, siikhalanso yake yekha.

Ndikudziwa chimene ena mwakonzeka kundiyankha. Mukuti iwe mwana wa msodzi usatinamize, nyimbo imagawanso anthu. Nzoona, ndipo sindithawa. Amayi athu anavina pamaso pa Kamuzu zaka zambirimbiri, atavala nkhope yake pa chitenje, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga. Kunja kumaoneka ngati umodzi. Koma funsani agogo anu chimene chimachitika kwa mayi amene wakana kupita ku pulakatisi. Nyimbo zina za nthawi imeneyo zimatchula anthu mayina, kuwanyoza, kuwafunira zoipa. Umodzi wa chikwapu si umodzi, ndi khola. Ndipo matipate atabwera, chikwapu chinasanduka envulopu. A Joseph Nkasa anayimba Mose wa Lero nthawi ya a Bingu, Soja anayimba Yellow, ndipo kampeni iliyonse imabwera ndi nyimbo zake, zina zokoma kuvina ndithu, zina zotukwana.

Koma taonani chimene nthawi imachita. Nyimbo ya kampeni moyo wake uli ngati usipa wauwisi: lero pa dooko anthu akulimbirana, mawa lake aliyense watseka mphuno. Chisankho chikangotha imakhala ya theka la dziko, theka linalo likaimva limalavula. Pamene nyimbo za oyimba omwewo zonena za moyo wa munthu wamba zili ngati usipa wowuma bwino pa thandala, umafika ku Mchinji, umafika ku Mulanje, chaka chimatha uli bwinobwino. Ndiye vuto si nyimbo. Vuto ndi amene wagula pakamwa pa woyimba.

Apa mpamene ndikufuna tiyang'anane m'maso, chifukwa amene anawapereka oyimba athu kwa andale ndi anthu wamba omwe timadandaulafe. Kale woyimba amajambula, nkupita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti nkumwazika dziko lonse. Ndalama zinali zochepa, oyimba amadandaula, komabe bwana wake weniweni anali wogula kaseti. Ndipo wogula kaseti anali Mtumbuka, Mchewa, Myawo, Msena, ndiye woyimba wanzeru amayimba zoti onsewa agule. Msika umamukakamiza kulankhula ndi dziko lonse. Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana anyamata obena aidzaza kale m'mamemori khadi pa kandalama kochepa, madzulo yazungulira pa WhatsApp ulele. COSOMA ilipo kuyambira 1992, koma singaime pa benchi iliyonse ya pa msika. Woyimba uja walipira situdiyo, ali ndi ana, lendi ikumudikira. Kwatsala ndani wolipira? Wandale. Ndipo wandale salipira nyimbo yolumikiza anthu, amalipira yomutamanda iye nkunyoza mnzake. Walira mvula walira matope. Ukamamvera nyimbo zaulere usadabwe woyimba akamayimbira amene wamudyetsa.

Ena mundikumbutsa za kwa M'manga. Mukuti ngati Balaka ndi likulu la nyimbo zolumikiza anthu, nanga bwanji mu November 2019 Asilamu ndi Akhristu anagendana konkuja pa nkhani ya hijab ya atsikana a sukulu, anthu kuvulala, nyumba zopemphereramo kuphwanyidwa, sukulu kutsekedwa? Funso labwino. Yankho langa ndi lakuti gitala si khoti. Nyimbo singagamule kuti mwana avale chiyani pa sukulu ya mishoni. Imeneyo inafuna anthu okhala pansi, ndipo anakhaladi pansi kudzera ku PAC, bungwe limene muli Akhristu ndi Asilamu chiyambire 1992, mpaka mu 2021 anasainirana mgwirizano. Koma dzifunseni kuti chifukwa chiyani moto uja sunafalikire boma lonse, monga timamvera kumayiko ena kumene nkhani ngati yomweyi imatha ndi maliro mazanamazana. Ine ndikuti nchifukwa choti anthu ake amadziwana nkhope. Anakwatirana, amagulana tomato, amaikana maliro, ndipo anavinira limodzi. Nkovuta kuponya mwala kwa munthu amene munagwirana naye mapewa pa dansi ya ukwati wa msuweni wako. Nyimbo sithetsa mlandu, koma imachepetsa anthu amene ungawatche achilendo. Ndiye mukamatseka malo amene ana athu amakumanirana, mukamati uyu asamvere za uyo, mukuunjika nkhuni zouma podikira M'manga wina.

Kwa akuluakulu a zipembedzo ndilankhula mwaulemu. Alipo Asilamu amene chikhulupiriro chawo sichiwalola zoyimbayimba za magitala. Alipo Akhristu amene amati izi ndi nyimbo za kudziko. Ameneyo ndi ufulu wanu, ndipo munthu asakukokereni ku dansi. Chimene ndikukana ndi kuchoka pa "ine sindimvera" kufika pa "iwe usamvere", kenaka kufika pa "amene amayimba zimenezi ndi adani athu". Pajatu kuno kwathu palibe amene alibe nyimbo yake. Sikiri ikamamveka usiku, anthu akupuma mogwirizana ngati chifuwa chimodzi, Mkhristu woyandikana nawo amadziwa kuti kwa anzathu kuli mwambo, ndipo ambiri amapita kukakhala nawo. Kwaya ikamayimba pa siwa, Msilamu woyandikana nawo amakhala pa moto panja mpaka kucha. Manganje akalira ana akamatuluka ku ndagala, msewu wonse umadzaza, ndipo sindinaonepo wina akufunsa ziphaso za ubatizo.

Ndiponso inu okonda kunena kuti gule wathu, gule wawo, mumadziwa kuti beni wa kuno, mganda wa chigawo cha pakati ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga ndi pachibale? Onsewa anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda: mayunifolomu, mizere, maudindo, kuguba. Agogo athu anaona chinthu cha mzungu, anachitenga, anachipinda, mtundu uliwonse nkuchiveka zovala zake. Myawo, Mchewa ndi Mtonga akhala akuvina gule mmodzi wa mayina atatu zaka zonsezi. Makolo osapita ku sukulu anabwerekana magule, zidzukulu za madigiri zikukanizana nyimbo pa foni. Kaya sukuluyo inatithandiza chiyani kaya.

Pali mpanda wina umene sitiukamba, ndipo kwa ine ndi woopsa kuposa wa chipani. Ndi mpanda wa ndalama. Masiku ano maphwando akuluakulu a nyimbo amachitikira kunyanja kuno, pa mchenga womwe tinakulirapo. Magalimoto amabwera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, oyimba otchuka amafika, pa chikwangwani alembapo za umodzi wa Amalawi. Koma tikiti yake ndi ndalama imene mlovi sangaipeze ngakhale mwezi utakhala wa usipa wambiri. Ana a pa gombe amamvera kuseri kwa mpanda, ena amapalasa bwato nkukaima pa madzi kuti aonereko magetsi. Sindikudana ndi malonda, woyimba ayenera kudya, ndanena kale. Koma tisanamizane kuti tikulumikiza dziko pamene talumikiza anthu a magalimoto okhaokha. Mtumbuka wa Prado ndi Mlomwe wa Prado anagwirizana kalekale, alibe vuto. Amene amatumidwa kukagendana nthawi ya kampeni ndi ana osauka, ndipo ndi omwewo amene tawatsekera kunja kwa dansi.

Anzathu a ku Chileka anationetsa njira. Evison Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndipo chaka ndi chaka a Black Missionaries ndi anzawo amachita chikumbutso chake pa bwalo, polowa ulele. Kumakhala fumbi, kumakhala chipwirikiti, sindikunena kuti ndi kumwamba. Koma wogulitsa makala ndi loya amaima malo amodzi. Nanga kwa Nsamala, kumene kunabadwira Alleluya ndi Zembani, chikutikanika nchiyani?

Ndiye pempho langa lili apa, ndipo ndikulipereka kwa a khonsolo ya Balaka, kwa aphungu onse a bomali posayang'ana mtundu wa nsalu yawo, kwa Gogo Chalo Nsamala ndi mafumu awo, kwa abambo a ku parishi ndi mashehe. Tsiku limodzi pa chaka, pa Balaka Stadium, polowa ulere. M'mawa beni, manganje, ngoma ya Angoni, tchopa, makwaya, ndi a sikiri ngati iwo eni afuna. Masana mabandi. Oyimba alipidwe ndalama yooneka, yochokera ku khonsolo ndi kwa amalonda a m'tauni, osati m'thumba la munthu amene akufuna mpando. Lamulo likhale limodzi: nsalu ya chipani isalowe, ndipo wandale aliyense akabwera akhale pansi ngati ife, asagwire chimkuzamawu ngakhale kungopereka moni, chifukwa moni wa wandale timaudziwa, umatha ola lathunthu. Ndalama za chitukuko cha m'madera zimene timamva chaka chilichonse zija, kodi sizingagule magitala anayi, kiyibodi ndi ng'oma zoti zikhale pa holo ina ana aziphunzirirapo, kaya ndi Yusufu kaya ndi Yosefe? Wansembe mmodzi anachita zimenezi mu 1978, msewu uli wafumbi, foni kulibe. Ife tili ndi makhansala, aphungu, mabungwe ndi magulu a pa WhatsApp osawerengeka.

Kwa madalaivala, ma DJ a pa maukwati ndi anyamata a mabawo pa msika: munthu akakuuzani kuti zimitsani nyimbo chifukwa woyimbayo ndi wa chipani china kapena mtundu wina, mufunseni mwaulemu kuti bwana, mawu ake olakwika ndi ati? Akatchula mawu otukwana kapena onyoza mtundu wa anthu, zimitsani, ali ndi mfundo. Akangoti munthuyo si wathu, kwezani voliyumu pang'ono. Ndipo nonse amene mafoni anu adzaza ndi nyimbo zobena, woyimba wa kwanu akabwera pa holo lipirani pa khomo, musadumphe mpanda.

Amene muli ndi nambala ya khansala kapena phungu wa kwanu mutumizireni uthengawu, asadzati sanamve. Amene mwakwiya nane musavutike ndi mavoisi noti a mphindi teni, data yavuta. Lachisanu ndimakhala pa msika wa Balaka mbali ya nsomba, mudzandipeze tidzakambirane pamaso, ndipo mudzabwere ndi ndalama ya usipa.